Jekete la malume aFilipo

Ndikakumbukira agogo aNangondo, m'mphuno mumabwerera utsi wa nkhuni zaziwisi, uja unkatikhetsa misozi m'mawa wa Juni ku Bembeke, chifunga chitaphimba mudzi mpaka tambala kumangomveka osaoneka, ife tikuwotcha mbatata ya kachewere paphulusa, zala zitauma ndi chisanu. Dzuwa likangosuzumira, agogo ankatulutsa jekete lakuda la malume aFilipo, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, n'kuliyanika pankhokwe kuti lisachite nkhungu. Malumewo anapita ku Beira kukagwira ntchito padoko, ndipo zaka zisanu zinali zitatha osabwera. Anthu ankanong'ona kuti anatchona, koma pamaso pa agogo palibe ankalimba mtima kutchula mawuwo.

"Akadzatsika basi, mphepo ya kuno ndiyo idzayambe kumulonjera," ankatero agogo. "Nanga adzavala chiyani?"

Kalata inafika mvula itangoyamba. Pabanja ponse wodziwa kuwerenga ndinali ine ndekha, kamtsikana ka Sitandade 3, ndipo matama ndinali nawo, osanama. Ndinaimirira pakhonde ngati aphunzitsi n'kuyamba:

"Amayi, kuno kukutentha moti ngakhale galu amachita ulesi kuuwa. Masana Apwitikizi amatseka masitolo n'kukagona, ifenso timangodzigonera pansi pa mitengo ya kokonati, malaya titavula, kamphepo ka kunyanja kakutipepesa. Palibe wothamangira kanthu. Jekete langa lija mungopatsa wina, kuno n'lopanda ntchito."

Ine ndinaseka za galuyo. Agogo sanaseke.

"Tabwereza pomalizapo."

Ndinabwereza, mokweza kuposa poyamba, chitsiru ine.

"Iwe mwana," anatero pang'onopang'ono, "kodi zovala timagawa za munthu wamoyo?"

Mayi anga anayesa kuwatonthoza. "Amayi, achimwenewo akungonena za kutentha basi."

"Ndamva. Wandiuza yekha, sindinamvere kwa anthu."

M'mawa mwake agogo anaitana mnzawo wina wachikulire kuti abwere ndi lumo. Anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba n'kumetedwa mpala, monga timachitira maliro akatha, tsitsi la imvi likugwera m'matope. Jekete anapatsa msuweni wawo, amene analilandira ndi manja awiri atayang'ana pansi. Palibe analira, chifukwa panalibe manda oti n'kulirirapo. Makalata ena awiri anabwera pambuyo pake, koma agogo anakana kuwamva. Ankangoti, "Akufa salemba." Agogo anamwalira m'nyengo yachisanu yachitatu chifikireni kalata ija, ndipo malume sanabwere, ngakhale kudzaona mtumbira.

Ndikanatha kulumpha mzere umodzi uja. Agogo akanafa akudikirabe, ndipo sindidziwa ngati zikanakhala bwinoko, koma zimandiwawa mpaka lero. Pano ndakalamba, imvi mbuu, komabe munthu akandipatsa kalata kuti ndimuwerengere, ndimayamba ndaiwerenga chamumtima, ndipo nthawi zina ndimanama kuti magalasi ndaiwala kunyumba.