Che Ajibu Atsika pa Hatchi

Che Ajibu Bakali anagwira ntchito ya upolisi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kumalire a Chiponde, ku Mangochi, akulondera pa njinga yakapalasa. Eni ake amati tsiku lina anagwira anthu makumi anayi ozembetsa shuga. Anzawo a nthawi imeneyo amakumbukira anthu anayi.

Anafika ku Doha, m'dziko la Qatar, mu 2018 ndi kuyamba ulonda pa geti ya nyumba zina ku Al Duhail. Mliri wa korona utabuka, ntchito yawo inasanduka yoloza anthu pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, tsiku lonse ali chiimire. Choncho lamulo litasintha mu 2020, kuti wantchito azitha kusamuka popanda kalata ya chilolezo ya bwana wake, iwo sanachedwe kupereka notisi. Kampani ina yolondera makola a ngamila m'mphepete mwa chipululu inkafuna alonda okwera hatchi, ntchito imene Mmalawi anali asanaiyesepo.

Wickson, mnzawo wogona nawo chipinda chimodzi, sanabise maganizo ake.

"Achimwene, hatchi munaionapo kuti?"

"Chokwera ndi chokwera basi, Wickson."

"Nanga mabuleki ake ali pati?"

"Ndikafunsa komweko, inshallah."

Anaphunzira masabata atatu pa hatchi yaikazi yotuwa. Mayeso ake anali akuti munthu azungulire mpanda wa makilomita asanu ndi atatu ola lisanakwane, osaponda pansi. Malo awo pa geti paja anali atapatsidwa kale munthu wina, moti akanalephera, chotsala chinali ndege yobwerera ku Chileka.

M'mawa wa tsikulo kapitawo wa alonda, dzina lake Fahadi, anayang'ana wotchi n'kuwauza kuti ayambepo, nati, "Yalla." Theka loyamba linayenda bwino kwambiri, mpaka Che Ajibu anayamba kuimba. Ndiye anakumana ndi mbusa wa ngamila wa ku Sudan, mkulu wa ndevu zoyera, akuyenda ndi ndodo pambuyo pa ziweto zake. Mkuluyo anakweza dzanja nati, "Salaam aleikum."

Kwawo kwa Che Ajibu, wapanjinga akakumana ndi munthu wamkulu amatsika, pakuti moni wa akulu suyankhidwa uli m'mwamba. Miyendo yawo inachita zimene inazolowera mutu usanakumbukire za mayeso. Anatsika. Popeza kugwirana chanza kunali koletsedwa, anaika dzanja lamanja pachifuwa, lamanzere n'kugwirizira chigongono, ndipo zingwe za hatchi anazisiya. Njinga ukaisiya imakudikira. Hatchi ija inawayang'ana kamodzi, inatembenuka, n'kuuyatsa ulendo wa kukhola.

Mkulu uja anaseka mpaka kukhala pamchenga. Atapuma, anagwaditsa ngamila imodzi n'kuwalozera pamsana pake. Palibe amene anali atauza Che Ajibu kuti ngamila imayamba kudzuka ndi miyendo yakumbuyo. Amene anamva ali patali amati pemphero lawo linatuluka m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chiarabu nthawi imodzi.

Fahadi anaona hatchi ikufika yokha. Ali mkati moitanitsa galimoto yokafufuza munthu wovulala, kunatulukira ngamila ili paliwiro, mlonda wa yunifolomu atakangamira pamsana pake, chipewa palibe, masiki atakwera n'kuphimba maso. Panali patatsala mphindi zinayi kuti ola likwane.

"Hatchi yako yakhoza mayeso," anatero Fahadi. "Iweyo khalasi, zako zatha. Unaponderanji pansi?"

"Ndinakumana ndi akuluakulu, bwana."

"Anali atatseka njira?"

"Ayi, anandipatsa moni."

Fahadi anayamba kulemba pa fomu. Koma mkulu uja anali akubwera m'mbuyo atakwera ngamila ina, ndipo atafika analankhula kwa nthawi yaitali m'Chiarabu. Anati kwa zaka zitatu alonda a kampaniyo akhala akukalipira abusa ali pamsana pa hatchi ngati akulankhula ndi mbuzi, n'chifukwa chake palibe mbusa amene anawauzapo pamene akuba amadula mpanda. Malowo alipo awiri, ndipo iye anali wokonzeka kuwaonetsa, koma kwa munthu wotsika uyu yekha.

Anapita onse pa galimoto. Anapeza mawaya atadulidwa n'kukolekedwanso mwaluso, malo awiri, monga mkuluyo ananenera. Fahadi anang'amba fomu ija. Mu kontrakiti ya Che Ajibu anawonjezeramo mzere umodzi ndi cholembera: akafuna kutsika, ayambe amangirira chingwe padzanja.

Lero Che Ajibu amatsogolera alonda asanu ndi anayi, atatu mwa iwo Amalawi. Pa khola lililonse abusa amawaimitsa kuti amwe tiyi, moti ulendo wa ola limodzi umawatengera maola atatu, ndipo kampani yawalemberapo kalata yodandaula kawiri.