Chimphona cha Pamlatho ndi Mabotolo Anga Odzaza

Ine ndine uja amawerenga ngakhale pepala lokulungira usipa kumsika. Sukulu ndinaipita pang'ono chabe, ku Malawi, tili kumsasa wa othawa nkhondo. Chipwitikizi ndinadziphunzitsa ndekha titabwerera kuno ku Lichinga: pa zikwangwani, pa timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, pa chilichonse chokhala ndi zilembo. Ndiye foni itafika m'manja mwanga ndinangomira. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma ndinapezeka kuti ndakonda nkhani za masewera a pakanema, aja anzathu amati jogo. Amene angotuluka kumene, amene achedwa kutuluka, amene anthu akulira nawo kuti ngovuta mopitirira. Ndinkaziwerenga m'kasitolo kanga ka mbewu ndi makasu, ogula akasowa. Koma komando, kachipangizo ka mabatani kosewerera kaja, ndinali ndisanaigwirepo.

Alamu anga, mchimwene wawo wa akazi anga, ndi makaniko. Mwezi wa June wina ntchito inawasamutsira ku Cuamba, ndipo atatula nyumba imene ankachita lendi ku Sanjala anadzakhala nafe ku Assumane podikira galimoto ya katundu. Anabwera ndi makina awo osewerera nkuwalumikiza ku kanema wathu. Loweruka masana anayatsa, ndipo nditangoona chithunzi choyamba ndinawazindikira masewerawo. Anali amodzi mwa aja otchuka ndi kupha osewera.

Ndinayamba kulalikira. "Alamu, kumanzereko musapite, kuli msampha. Mukafa mubwerera pamoto paja pamene mwayambira. Kutsogoloku kuli chimphona cholondera mlatho, ambiri amathera pomwepo."

Anandiyang'ana. "Munasewerapo, alamu?"

"Ndinawerenga."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Epa! Mwamumva mwamuna wanuyu, chemwali? Akuti anawerenga!" Kenako anandiikira komando pamiyendo. "Pronto, tichite chonchi. Mukagwetsa chimphonacho ndisanakwere galimoto, makinawa ndi anu, ndiwasiya. Mukalephera ndinyamula, ndipo mlongo wangayu ndimutenganso akakwatiwe ndi mwamuna wodziwa kugwiritsa zala."

"Munditenge, achimwene," anatero akazi anga ali pakhomo, akusankha nyemba. "Mwina uko ndikamva zina, osati nkhani za jogo."

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinawafuna makinawo. Ndinali nditatopa kudziwa mayiko onse aja ngati munthu wosuzumira pazenera la eni ake.

M'masewerawa umayamba ndi kusankha munthu amene ukhale. Panali wa lupanga, wa nkhwangwa, wa uta. Ine ndinasankha mkulu wina woonda, wa mkanjo, wonyamula buku ndi ndodo yolavula moto. Ndinaona kuti tikufanana. Alamu anangoti, "Pepani, ameneyu ngakhale nkhuku imugwetsa."

Sananame. Ndinafa ndi galu. Ndinafa ndi mlonda wogona amene ndinamudzutsa ndekha. Ndinagwera kuphompho chifukwa maso anali pa mabatani. Zala zanga, zozolowera kumanga matumba a feteleza, zinkadina zonse pamodzi ngati zikukama ng'ombe. Koma masana aliwonse ndikatseka sitolo ndinkathamangira kunyumba, ndipo pang'onopang'ono mkulu wanga wa mkanjo anayamba kumvera. Ndinaphunzira kugubuduka mdani akamamenya. Ndinaphunzira kuima patali nkumuponyera moto. Tsiku lina ndinafika pamlatho.

Chimphonacho chinali chotalika kuposa kanema weniweniyo, mutu sunkaoneka. Chinali ndi chibonga chachikulu ngati thunthu la bulugamu. Chikakumenya kamodzi, mzere wofiira wa moyo wako unkatsika mpaka theka. Chikabwereza, wabwerera kumoto.

Tsono apa ndi pamene panali vuto langa lenileni. Munthu wako amayenda ndi timabotolo ta mankhwala. Ukamwa, mzere wofiira uja umakwera. Ndipo ukafa nkubwerera pamoto, mabotolo onse amadzazanso okha, kwaulere. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndinali nditaziwerenga, ndinawafotokozeranso alamu ndekha. Koma chimphona chikandimenya, chala chinkafika pa batani lomwera nkuima. Mumtima mumabwera mawu akuti, dikira kaye, zikhoza kudzavuta kuposa apa. Ndiye ndinkafa mabotolo ali odzaza. Kubwerera, kufanso, mabotolo ali odzaza.

"Imwani, alamu! Imwani!" ankakuwa alamu anga.

"Ndikusunga."

"Mukusungira ndani? Alendo a pamaliro anu?"

Ife amene tinakulira kumsasa tili ndi kakhalidwe kena. Thumba la ufa sitilikutumula mpaka pansi. Mafuta ophikira timasiya kadontho m'botolo. Bambo anga ankagona ndi kathumba ka nyemba za mbewu kumutu, ife tikudya ndiwo zamasamba zopanda kanthu, ndipo anachita bwino, chifukwa nyemba zimenezo ndi zimene tinadzala titabwerera. Zimenezi sizichoka m'thupi chifukwa choti wawerenga nkhani pafoni.

Uthenga unabwera kuti galimoto ifika Lamlungu m'mawa. Loweruka masana kunja kunali mphepo ija ya kuno, yolowa mpaka m'mafupa, ndipo ine ndinali pampando ndikunjenjemera m'kajuzi kanga kobooka m'zigongono. Ndinafanso. Akazi anga, amene masiku onsewo ankangodutsa osaima, anaima kumbuyo kwanga.

"Timabotolo ito pansipo nta chiyani?"

Alamu anawafotokozera, akuwonjezera ndi zawo.

"Ndiye mukudabwa chiyani, achimwene? Mkulu wa mkanjoyu wangotengera mwini wake. Bambo, jekete lija munagula chaka chijachi lili kuti?"

"Lili mu sutikesi."

"Mukusungira chiyani?"

"Tsiku lofunika."

"Tsiku lake liti? Chisanu chake ndi chino, mano akugundana, jekete likufunda sutikesi."

Analowa kuchipinda. Ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anabwera nalo, likununkha mankhwala a njenjete, nkundiveka okha ngati mwana wopita kusikelo. Linali lofunda zedi. Ndinachita manyazi, komanso ndinamva kukoma.

Ndinabwerera pamlatho. Chimphona chinandimenya, ndipo ndinatseka maso nkudina batani lija. Mkulu wanga anaima pakati penipeni pa mlatho, napendeketsa botolo mwaulemu ngati ali paukwati, chibonga nkumutsikira pamutu. Alamu anagwa pampando ndi kuseka.

"Ndinati imwani, sindinati mumwere pamapazi pake!"

Koma chala chinali chitamasuka. Kuyambira apo ndinayamba kuona zimene sindinkaziona ndili kalikiliki kulondera mabotolo. Chimphona chikamenya pansi mwamphamvu, chibonga chinkakanirira m'matabwa a mlatho kwa kanthawi. Mpata womwera unali umenewo. Ndinafabe kangapo, koma tsopano ndinkafa ndili patsogolo.

Dzuwa litapendeka ndinalowanso. Gubudu, moto, kuthawa, kumwa. Gubudu, moto. Mzere wa chimphona unatsika kudutsa theka, kumene sunafikeko nkale lonse. Chinakwiya nkuyamba kupondaponda, mlatho ukugwedezeka. Ndinamwa lina. Ndinamwanso lina. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti latsala limodzi, ndipo mawu aja anabweranso, akuti ili lokha usakhudze. Alamu anali ataimirira. Chibonga chinakanirira m'matabwa.

Ndinamwa.

Mabotolo onse mbee. Chimphona chinandikwapula komaliza, moyo wanga nkutsala kochepa ngati kachikhadabo. Ndikanapanda kumwa lomaliza lija ndikanathera pomwepo. Ndinagubudukira pakati pa miyendo yake, ndinatembenuka, ndinaponya moto kumsana. Chinagwada. Chinagwa chafufumimba, kanema yense nkudzaza fumbi.

Sindikudziwa kuti ndinakuwa mawu anji. Ndinapezeka ndili pabwalo, jekete latsopano pathupi, komando m'mwamba, ndikuvina mavinidwe amene msana wanga unadzandifunsa mawa lake. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda kufunsa ngati timu yathu yachinya. Akazi anga ankaimba nthungululu akupukuta misozi ya kuseka.

"Mlongo wanu mumutengabe?" ndinafunsa alamu.

"Akhale," anatero. "Koma dziwani kuti chimenechi chinali cha pakhomo chabe. M'katimo muli makolo ake."

Lamlungu m'mawa galimoto inafika. Tinakweza bedi, mipando ndi bokosi la masipanala. Alamu analowa m'nyumba, anaima pamaso pa makina aja kwa kanthawi, kenako anatola katoni yake yopanda kanthu nkuipereka kwa mlongo wawo.

"Isapite yopepuka iyi, chemwali. Ku Cuamba kulibe mbatatesi ngati za kuno."

Anaidzaza mpaka kukana kutsekeka. Galimoto itakhota pamsewu, ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pampando, ndipo ine ndi mkulu wanga wa mkanjo tinaoloka mlatho.