Masekondi Khumi ndi Asanu a Ngoné

Ngoné Mbengue ndi msuweni wanga, ndipo mlandu umene ndinene panowu ndinaupalamula ndine, ngakhale anausenza ndi iyeyo.

Anabadwira ku Mbao, kunja kwa Dakar, kumene mayi ake, azakhali anga a Rokhaya, akhala akuwamba nsomba m'mphepete mwa nyanja zaka zoposa makumi awiri. Ngoné amagulitsa mayunitsi ndi matchaja pasiteji ya basi, koma mukamufunsa ntchito yake amati ndi woimba rapu, n'kukuyang'anitsitsani mpaka muvomere. Bambo ake atamwalira anasiya sukulu, koma kope lolembamo nyimbo sanalisiye.

Masiku ano nyimbo imodzi imatulukira makomo angapo. Yathunthu timaiika pa YouTube, kwa abale a ku Italy ndi ku Spain amene bandulo siiwadetsa nkhawa. Wailesi ya m'dera lathu timaipatsa yopanda mawu olaula. Pa TikTok pamapita kachidutswa ka masekondi khumi ndi asanu, nyambo yokolera achinyamata. Kakagwira pamenepo, kamatsikira kokha pa WhatsApp n'kulowa m'mafoni a anthu amene TikTok sayidziwa n'komwe. Wodula tizidutswato ndine, n'chifukwa chake Ngoné amanditchula kuti Lumo.

Chaka chatha anajambula nyimbo yolemekeza mayi ake. Imayamba iye akutsanzira ana onyoza: "Mwana wa owamba nsomba, khala uko! Amako amanunkha, ndalama zawo zimanunkha, sopo akawaona amathawa!" Kenako ng'oma zimasintha, iye n'kuwayankha mphindi zitatu zathunthu. Ine ndinadula pothera chitonzocho, yankho lisanayambe. Ndinkati anthu apsa mtima, athamangira ku YouTube, akamva zonse. Nzeru za munthu amene sanaonepo mayi wowamba nsomba akugula bandulo.

Kachidutswako ndinakaika pa TikTok Lolemba. Pofika Lachiwiri masana kanali m'mafoni onse a kunyanja, ndi nkhope ya Ngoné atatseka mphuno.

Ngoné anandipeza pasiteji ndikudya buledi wa nyemba.

"Birane, wadula pati?"

"Asuweni, mwaona manambala? Anthu zikwi makumi anayi!"

"Ndati wadula pati, galu iwe?"

Ndinasiya kudya buledi uja. Anandiuza kuti mayi Thiaba, mkulu wa gulu la amayi owamba nsomba, aitanitsa msonkhano Lachinayi. Gululo ndilo limagawa mauvuni ndi mathandala. Amayi a m'gululo anali atagwirizana kale kuti amene akulera mwana wowatukwana pamaso pa dziko lonse akawambire kwina. Azakhali sanakalipe kunyumba. Anangodya chakudya chawo atafulatira, Ngoné atawapatsa moni sanayankhe.

Tinagogoda makomo athu onse. Kachidutswako ndinakafufuta, koma m'mafoni a anthu sungalowemo. Tinatumiza nyimbo yathunthu kugulu la amayiwo pa WhatsApp, kudzera mwa mmodzi wa iwo. Palibe anaitsegula, ndipo amene anatiperekerayo anamuchotsamo. Ngoné anadzijambula akufotokoza, achinyamata n'kumutumizira timitima tambirimbiri, koma achinyamata sagawa mauvuni. Tinathamangira kuwailesi, chifukwa kunyanja wailesi siizima.

"Pulogalamu ya rapu ndi Loweruka, mlongo," anatero muulutsi amene tinamupeza, akuthira tiyi. "Pakati pa sabata ndi maulaliki ndi mauthenga a maliro."

"Ndiye muike pa maliro pomwepo," anatero Ngoné. "Loweruka amayi anga adzakhala atachotsedwa."

Bamboyo anaseka, koma sanasinthe.

Lachinayi m'mawa Ngoné anabwereka chimkuzamawu cha wogulitsa mankhwala a makoswe. Ndinamuuza kuti ayambire pa yankho, chitonzocho achilumphe.

"Kudula kwatikwana," anatero. "Ndiimba yonse."

Tinapeza amayi oposa makumi asanu atakhala pamabeseni ovundikira, utsi uli tolotolo. Azakhali anakhala paokha, maso pansi. Mayi Thiaba anali atayamba kale kulankhula. Atationa anagwira m'chiuno.

"Eee, wafika mwana wa sopo! Wabwera kudzationjezera?"

Ngoné anapita patsogolo pawo. Anakweza chimkuzamawu n'kuyamba, popanda ng'oma, mawu omwe aja. Masekondi khumi ndi asanu ndimawadula tsiku lililonse, koma sindinkadziwa kuti ndi aatali chonchi. Amayi aja anadzuka. Mutu wa nsomba unamenya Ngoné paphewa. Wina anatola chikuni, wina anakuwa kuti amuponye m'madzi. Ine, ndivomere, ndinayang'ana kothawira. Koma Ngoné anafika pa "sopo akawaona amathawa", n'kupitirira.

"Fungo limenelo ndilo linandigulira nsapato! Utsi umene unafiiritsa maso a amayi ndiwo unandiphunzitsa kuwerenga! Iwe wotseka mphuno, usiku wadyera chiyani mpunga wako?"

Phokoso silinathe nthawi imodzi. Linayamba kuzima kutsogolo, kwa amene anamva, akumbuyo akadali kutukwana. Ngoné anatchula maina awo mmodzimmodzi monga alili m'nyimbomo, ndi mayi Thiaba omwe, amene anaphunzitsa ana anayi ndi uvuni umodzi. Wa chikuni uja anachitsitsa.

Atamaliza panalibe woomba m'manja. Azakhali anadzuka, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pake.

"Mawu oyambawo unawatenga kuti?"

"Kusukulu, amayi."

"Ankakuuza ndani?"

"Onse. Tsiku lililonse, kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

"Osandiuza?"

"Mukanasiya kuwamba?"

Azakhali anaweramitsa mutu. Anagwira nsonga ya nsalu yawo ngati akufuna kuinunkhiza, kenako anaigwiritsa ntchito kupukuta mamba paphewa la mwana wawo. Kumbuyo mayi wina anayamba kulira, akuti mwana wakenso wamng'ono amakana kuti azimuperekeza kusukulu ndipo sananenepo chifukwa.

Mayi Thiaba anatsokomola, n'kunena kuti nsomba zikupserera, aliyense apite pauvuni wake. Anatembenukira kwa azakhali.

"Nawenso Rokhaya, wako ukuzima uko."

Msonkhano unathera pomwepo. Ine ndinali nditatulutsa kale foni, chizolowezi, ndikuganiza kuti pakupukuta phewa paja patuluka kachidutswa kokoma. Azakhali anandiona.

"Iwe Lumo, bwera kuno."

Anandilanda foniyo n'kuiponya m'thumba lawo la mchere. Kenako anakoka beseni, anakhala pafupi ndi uvuni wawo, n'kuuza Ngoné kuti ayambirenso.

"Pa yankho, amayi?"

"Ayi, poyambirira. Iwe unawamva wekha zaka zonsezo. Lero ndiwamve nawo."