Kadzino ka semeti pa makina a ababa

Ababa, lero ndikanakonda mukanakhalapo. Timano topalira zitsulo ta semeti, chosakaniza cholimba kwambiri chija cha chitsulo ndi dongo lowotcha, tomwe ndinaitanitsa ku Blantyre tafika pa minibasi, ndipo ndamangirira kamodzi pa kamakina kanu kopalira zitsulo kaja. Shafiti, ndodo yachitsulo yozungulira m'kati mwa pampu yathu ya kudimba, yatuluka yosalala, yonyezimira ngati galasi! Mawa pampu iyambanso kukoka madzi, chimanga chomwe chimafota chipulumuka.

Ndakumbukira tsiku lomwe mnzanu wa ku esiteti ya nzimbe anakupatsani kadzino kotere. Amayi anamva ngati mwati simenti, anaseka mpaka misozi. Ine ndinkaopa liwiro la makina, koma munagwira dzanja langa n'kunena kuti, "Mwanawe, aka sikafuna mantha. Thamangitsa makina, koma uzipala pang'onopang'ono. Ukakagunditsa kathetheka." Titamaliza munadziyang'anira pachitsulocho n'kuyamba kupesa ndevu, thukuta la kwathu kotentha kuno ku Kasisi lili kamukamu.

Lero nditazimitsa makina ndinathamangira pakhonde shafiti ili m'manja, pakamwa patatuluka kale mawu akuti, "Ababa, taonani." Amayi, omwe anali pakhondepo, anatambasula dzanja. "Bwera nayo kuno, ndiwaonere ine."