Katungwe Amene Anasamutsa Lonnie Tackett

Lonnie Tackett analakwa, ndipo palibe akukana zimenezo. Ali mnyamata, ataledzera, anagwiririra mayi wina amene ankagwira naye ntchito kufakitale ya nkhuku. Mayiyo anasamuka m'tauni muno osabwereranso, ndipo Lonnie anaseweza jele mpaka imvi zinayamba kutuluka.

Atamasulidwa, dzina lake linalowa m'kaundula wa boma wa anthu ogwiririra, chithunzi chake pa intaneti, ndi lamulo pamwamba pake: asagone m'nyumba yoyandikana ndi sukulu kapena bwalo losewerera ana. Mwayi wake, nyumba ya mayi ake, a Verna, inali kumapeto kwa tauni, kuseri kwa njanji, kumene kunkakhala okalamba okhaokha. Wapolisi womuyang'anira, a Sykes, anayeza pa mapu nkuvomera.

A Verna anali atadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga. Lonnie ndiye ankawasambitsa, kuwabaya jakisoni, kuwanyamula kupita kuchimbudzi, kenako nkuthamangira kuntchito yake yomata matayala.

"Iwe, mazira awa wakazinga kapena wawapatsa chilango?" ankatero a Verna.

"Idyani, Amayi. Kundende sankaphunzitsa zauhotela."

"Ndaona. Bweretsa mchere."

Chaka china a Darlene Hobbs, mkulu wa komiti ya anthu a mumsewumo, anabwera pageti akumwetulira. Anati komiti ikukonza kamalo kapakona pafupi ndi nyumba ya a Verna, paja pankakhala migolo ya zinyalala, ndipo akusowa mwamuna wamphamvu wokumba maenje ndi kuthira simenti. Chitulukireni m'ndende, palibe anali atamupemphapo Lonnie chilichonse. Anakumba Loweruka lonse, mtima uli mbee, akuganiza kuti akuika benchi yopumirapo nkhalamba. Anawabwerekanso sipanala yake.

Lolemba m'maenjemo munali mutaima katungwe. Kamaloko ngakhale galimoto imodzi sikanakwanapo, koma khansala anabwera kudzadula riboni, anthu anadya masoseji, ndipo chikwangwani chinati ili ndi bwalo la ana. Ana ake ati? Wamng'ono mumsewu monsemo anali Lonnie yemweyo. Anthu opemphera, ophunzira, anawerenga lamulo bwinobwino nkulisandutsa msampha, nkumupatsa munthu fosholo kuti autchere yekha.

A Sykes anabwera chipewa chili m'manja. "Pepani, a Tackett. Bwalo ndi bwalo."

"Bwana, amayi anga sangaime okha. Bwerani muwaone."

"Ndawaona. Masana muzibwera. Kugona kokha ndiye ayi."

Lonnie anapeza chipinda kumotelo ya m'mbali mwa msewu waukulu, kumene ankagona anzake a m'kaundula, poti kwina konse kunali koletsedwa. Ankalawirira m'mamawa kukadzutsa mayi ake, madzulo nkuwagoneka, foni pafupi ndi pilo. A Verna anakana zopita kunyumba yosungira okalamba. "M'nyumba muno ndinalowa ndi miyendo iwiri, ndidzatuluka m'bokosi," ankatero.

M'nyengo yozizira, tsiku lina Lonnie anawapeza pansi pakhomo la bafa, chiuno chitathyoka, milomo itauma. Foni inali pabedi. Kuchokera kuchipatala anawapititsa kunyumba ya okalamba, ndipo nyumba yawo inagulitsidwa kuti azisamalidwa kumeneko.

Patapita zaka ziwiri, khoti litawadzudzula, aphungu kulikulu anasintha lamulo. Anati amene mlandu wake ndi wakale, lamulo loletsa kugona pafupi ndi sukulu kapena bwalo la ana lija lisanabwere, agone kumene akufuna. Anajambulitsa akugwirana chanza, akudzitama kuti ndi anthu achifundo. A Sykes anaimba foni ndi mawu ngati a munthu wobweretsa mphatso. "Mwamasuka, a Tackett. Mutha kubwerera kwanu."

Lonnie anathokoza, poti anazolowera kuthokoza apolisi. Atatuluka kuntchito anapita kwa mayi ake. Anawapeza pa njinga ya olumala, pafupi ndi zenera, wailesi yakanema ikulongolola yokha. Nkhaniyo anali ataimva kale, ndipo anali atauza namwino kuti awapesere tsitsi ndi kuwaikira zovala m'chikwama.

"Wachedwa," anatero. "Nyamula icho, tizipita."

"Tipite kuti, Amayi?"

"Usandipusitse, mwanawe. Akuti tsopano ukhoza kugona kwathu."

Lonnie anakhala pansi m'mphepete mwa bedi. Za kugulitsidwa kwa nyumba a Verna ankazidziwa, anasainira okha. Anamuyang'ana mwana wawo, nkukumbukira kuti nyumba ija si yawonso.

"Ndiye kumotelo kwakoko," anatero motsitsa mawu. "Ndilibe matama ine."

"Kuli masitepe, Amayi. Chipinda changa ndi chapamwamba."

A Verna anatembenukira kuzenera. Lonnie anatsegula chikwama, nkuyamba kubweza madiresi m'kabati.