Chilomwe Chimene Mayi Petronela Anachikwirira

Loweruka lapitali tinawaika m'manda Mayi Petronela, a mphakati wa Yosefe Woyera ku Ndirande. Ambiri tinalira, koma kulira n'kosavuta. Chovuta ndicho kumva chimene moyo wawo ukutiuza, pakuti ndi mawu ochititsa nthumanzi.

Mayi Petronela anabadwira ku Phalombe, m'banja la Alomwe ochokera ku Mozambiki, ndipo mapemphero awo oyamba anawaphunzira m'Chilomwe. Atakwatiwa ndi Bambo Ambrosi, amene ankagwira ntchito m'fakitale ina ku Makata, anadzakhala ku Ndirande, kumene anabereka mwana wawo Regina. Masiku amenewo, munthu akamveka akuyankhula Chilomwe pampopi, ankasekedwa ndi kutchulidwa dzina lachipongwe lija, limene sitingalilembe m'nkhani za mpingo. Tsono iwo anatseka pakamwa. Akafunsidwa kwawo, ankangoti, "Cha ku Limbe uko." Chilomwe chawo anachikumbira dzenje, nachikwirira, napondapo.

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, Gogo Modesta, nkhalamba ya Chilomwe ya kumeneko, anathawira kwa mdzukulu wawo pafupi ndi msika wa Ndirande. Chichewa sankachidziwa. Atadwala mwakayakaya, amayi a mphakati anapita kukawaona masana ena a mwezi wa Okutobala, mdzukuluyo ali kuntchito, malata akutentha ngati chiwaya. Anayamba kolona. Gogowo ankangobwereza liwu limodzi, milomo itang'ambika: "Maahi, maahi."

"Mwamva?" anatero Mayi Emily, mtsogoleri wa mphakatiwo. "Akuitana mayi awo. Wodwala akafika poitana amayi ake, ndiye kuti ulendo wayandikira. Tiyeni tilimbike kupemphera."

Mayi Petronela anamva bwino lomwe. M'Chilomwe, maahi ndi madzi. Ndowa inali pakhomo pomwepo, kapu ili pamwamba. Akanatha kungotunga osanena kanthu, koma mantha alibe nzeru: ankaona ngati aliyense awafunsa kuti amva bwanji. Anawerama, napitiriza pemphero. Gogo Modesta anamwalira dzuwa lisanapendeke, kukhosi kuli gwa.

Chaka cha Mpingo chikupita kumapeto, Bambo Mfumu analalikira za wantchito uja amene anabisa pansi chimene mbuye wake anamusungitsa, ndi za tsiku limene Mfumu ya kumwamba idzatifunse za aludzu amene tinawalambalala. "Mulungu sadzakufunsani za mphatso ya mnzanu," anatero. "Adzakufunsani za yanu." Mayi Petronela ankakhulupirira kuti iwo alibe mphatso, popeza sukulu analekezera panjira ndipo kwaya inawakana. Tsiku limenelo anaizindikira mphatso yawo, nazindikiranso pamene anaikwirira.

Analapa kwa wansembe. Kenako, pa msonkhano wa mphakati, anaimirira nati, "Ine ndine Mlomwe. Gogo aja sankaitana mayi awo. Ankapempha madzi."

"Ndiye inu mayi a Regina, munamva, n'kungokhala duu?" anafunsa Mayi Emily.

"Ndinakhala duu. Ndipo funso lomwelo ndikalimvanso kutsogoloku, kwa Wina amene sindingamuuze kuti kwathu ndi ku Limbe."

Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene kunali nkhalamba ya Chilomwe yodwala, ku Bangwe, ku Machinjiri, ku Zingwangwa, Mayi Petronela ankapitako, botolo la madzi lili m'chikwama pamodzi ndi kolona. Ankamasulira zonena za odwala kwa achibale ndi kwa ansembe, ndipo ambiri amene akanapita chimbulimbuli analandira masakramenti akumva. Pasiteji makondakitala ankawanyogodola: "Kwerani kutsogolo, Mayi Maahi, ambulansi yanu yafika." Azilamu awo anadandaula kuti anawabisira mtundu. Bambo Ambrosi anamwalira, miyendo inayamba kutupa, koma sanaleke. Mwana wawo Regina anamuphunzitsa Chilomwe mokakamiza, iye akunyinyirika kuti m'tauni n'chosafunika.

Tisaname kuti mantha anawachoka. Chifundo cha Mulungu ankachikhulupirira, koma ankakonda kunena kuti, "Kulapa kunachotsa tchimo langa, koma sikunanyowetse milomo ya gogo aja." Mantha otere ndi oyera, ndipo akusowa pakati pathu.

Chaka chatha anagwidwa ndi sitiroko. Chichewa chonse chinawathawa, n'kutsala Chilomwe chokha, chija anachikwirira. Maso awo ankayendayenda mwa mantha, ngati a munthu wodziwa kuti muyeso umene anayesera mnzake wafika pakhomo pake. Pa tsiku lomaliza, atadzozedwa mafuta a odwala, amayi a mphakati akupemphera kolona, anatsegula milomo nati, "Maahi."

"Akuitana mayi awo," ananong'ona mayi wina wachitsikana.

"Ayi," anatero Regina, akudzuka. "Akufuna madzi."

Anawadzutsa mutu, nawamwetsa. Mayi Petronela anameza pang'onopang'ono, nayang'ana mwana wawo, nkhope n'kumasuka. Kolona isanathe, anapuma mpweya wotsiriza, milomo ili yonyowa.

Mzimu wawo uuse mu mtendere. Koma inu amene mwawerenga izi, musafulumire kunena kuti mulibe mphatso. Iwonso ankatero. Chimene munakwirira chikadali pomwe munachisiya, ndipo Mwini wake akuwadziwa malowo.