Chiwaya Changa cha ku Erdington

Ine sindinama, ndipo onse ondidziwa angachitire umboni, kupatula akazi anga. Galimoto yathu yoyamba ku Erdington, kuno ku Mangalande, inkayendera mafuta okazingira tchipisi. Ndinkawatenga kushopu ya pakona atatha ntchito, kuwasefa ndi mwendo wa jinzi yakale m'kashedi ka kuseri, n'kuthira m'thanki ya dizilo. Tikamadutsa, agalu ankatiperekeza mpaka pamaloboti. Tsiku lina mzungu anagogoda pawindo n'kuitanitsa nsomba ziwiri ndi vinega. Ndikulumbira.

Akazi anga, omwe nthawi imeneyo ankayesedwa unesi wa kuno kuchipatala, anakana kukweramo. "Bambo, boma limafuna msonkho pa mafuta amenewa. Mukagwidwa, ntchito yanga yapita, tonse tikwera ndege." Anakakamirabe kukwera basi ngakhale litabwera lamulo latsopano, lakuti wopanga mafuta ochepa oyendera yekha asamalipire. Ana ndinawalengezera ngati uthenga wa Khirisimasi. Anangoti, "Dad, it stinks."

Kenako linafika tsiku loti asisitala a muwodi awayese komaliza akazi angawo. Kuchedwa kunali kulephera, n'kudikiranso miyezi. M'mawa umenewo chisanu chinagwira msewu, mabasi osaoneka. Mayi anapumira m'mwamba. "Chabwino, tiyeni pa chiwaya chanucho."

Chiwaya chinakana kulira. Palibe anandiuzapo kuti kuno mafuta amaundana ndi kuzizira. Kwathu ku Balaka saundana ngakhale mu Juni. Nditatsegula thanki ndinapeza majarini weniweni, wopaka pabuledi.

"Ndiye ndikawauze chiyani asisitala? Kuti amuna anga aumitsa dizilo?"

"Bweretsani choumitsira tsitsi chija, mayi. Ndi ketulo."

Ndinagona pansi pa galimoto n'kumauzira thanki mphepo yotentha, iwo akusanjika mabotolo a madzi otentha painjini ngati akusamala wodwala. Posakhalitsa ndinaona nsapato za wapolisi pafupi ndi mutu wanga. Mayi anayamba pemphero la Atate Wathu.

"Mafuta ophikira awa?" anafunsa m'Chingerezi, mphuno ili m'mwamba. "A msonkho akudziwa?"

Ndinayankha ndili chigonere kuti lamulo linasintha, ndipo amene ndimapanga ine sangakwane n'komwe mandasi a paukwati. Anafunsa anzake pawailesi, anamvetsera, kenako anavula chipewa n'kugwira kumbuyo kwa galimoto. Abale anga, boma la Mfumukazi linakankha chiwaya changa, mpaka chinatsokomola n'kulira.

Tinafika mlonda wa pageti asanamalize kuyasamula. Mayi anakhoza, ndipo akuti odwala amene ankakana chakudya anapempha tchipisi atangonunkhiza yunifomu yawo. Madzulo nditapita kukawatenga, basi yawo ija inali itaima pomwepo, chitseko chili chotsegula. Anaidutsa osaiyang'ana, n'kudzakhala pampando wakutsogolo.

"Tiyeni, bambo," anatero. "Koma mutseke mawindo."